Mapiri a Mbatatesi a Bambo Nazário

Mukafika ku Chiuaula, m'tauni ya Lichinga, n'kufunsa za munthu amene anazungulira mapiri onse a Niassa osachoka pabwalo la nyumba yake, ngakhale wogulitsa makala wobwera dzulo akulozerani kwa malemu bambo Nazário. Bambo amenewa anali ndi nthenda imodzi yopanda mankhwala, nthenda yokonza ulendo. Osati maulendo ambiri ayi. Umodzi womwewo, chaka ndi chaka, mpaka imvi. Ankautcha volita poti unali wozungulira: kutuluka mu Lichinga cha ku Assumane, kukwera msewu wa ku Unango, kukhotera m'tinjira ta m'nkhalango za paini, kulambalala mapiri mpaka kukatulukira ku Muembe, kenako n'kudzalowa m'tauni ndi khomo lina.

Galimoto analibe. Kuyendetsa sankadziwa, ngakhale njinga inkawagwetsa. Ntchito yawo inali yosoka nsapato pakhonde. Koma ukangowauza kuti chapa cha ku Muembe, minibasi ya anthu onse, chimanyamuka tsiku lililonse, munthu n'kupita n'kubwerako, ankakuyang'ana ngati wawalavulira m'mbale.

"Kupita n'kubwerera njira yomweyo si ulendo, mwanawe," ankatero. "Kumeneko ndi kutumidwa."

Bairo lonse, dera lathu lonseli, linkaseka. Amene sankaseka kwambiri ndi akazi awo, mayi Paulina, chifukwa ulendowo unali wawo.

Mayi Paulina anabadwira m'tsinde mwa phiri lina lotchedwa Lipalwe, kuseri kwa Muembe. Nkhondo inawachotsako ali kamtsikana kongoyamba kumene kusenza ndowa, n'kukawataya ku Malawi, kumsasa wa othawa. Anakulira kumeneko, ndipo n'kumene anakumana ndi Nazário, mnyamata wa ku Mandimba wa pakamwa posatseka. Mnyamatayo analibe mbuzi, analibe ngakhale bulangete lakelake, koma anawafunsira ndi lonjezo limodzi: nkhondo ikatha adzawakweza galimoto, pampando wa kutsogolo, akalione phiri la kwawo. Nkhondo inathadi. Anabwerera, koma anatsikira mu Lichinga, poti kumudzi kuja kunalibenso wowalandira, abale anali atamwazika ndipo ena anali m'manda. Mwana wawo Stélia anabadwa, anakula, anakwatiwa ku Cuamba. Phiri lili phee, kudikira.

Mungafunse kuti bwanji mayi Paulina sanangopita okha. Koma mayi wamkulu angawauze chiyani anzake ogulitsa nawo ku merikado, kumsika kuja? Kuti akukwera chapa, kopanda maliro, kopanda ukwati, kukangoyang'ana phiri? Akanamutengera kuchipatala cha amisala. Komanso amuna awo ankawachonderera kuti pa chapa phiri akalionera pakati pa mkhwapa wa munthu ndi thumba la chimanga, ndipo chinthu chimene wachidikira moyo wonse sungachione chotero. Mayi Paulina ankakhulupirira, kapena tinene kuti ankafuna kukhulupirira. Ankafuna kukaliona ali ndi iwowo.

Dziko lonse la volita linali pabwalo pawo. Mayi Paulina ankagulitsa mbatatesi, ndipo thumba likangotsika kuchokera kumunda, woyamba kupisamo dzanja anali mwamuna. Ankasankha zikuluzikulu, zomwe ogula amazilimbirana, n'kuziyala pansi kuti zikhale mapiri. Nyemba zinali midzi. Masamba ouma a paini anali nkhalango. Msewu ankaulemba ndi phulusa, mitsinje ndi madzi a m'ketulo. Kusesa kunaletsedwa. Popita kuchimbudzi mayi Paulina ankalambalala Unango, pobwera n'kudzera kuseri kwa Muembe, poti lamulo la volita silinkapatula ngakhale ulendo umenewo.

Tsiku lina m'mawa m'nyumba munalibe chomwera tiyi. Mayi Paulina anatuluka, anatola mbatatesi imodzi yonenepa pabwalopo, anaiwiritsa, anathira mchere, n'kuwaikira amuna awo. Bambo Nazário anadya, anayamika kuti yafumbuta bwino, anapukuta pakamwa, n'kutuluka kukayendera dziko lawo. Sipanapite nthawi anabwerera atagwira chipewa m'manja ngati wobwera kudzalengeza maliro.

"Amake Stélia, Unango ali kuti?"

"Mwamwera tiyi."

Anakhala pansi, dzanja pamimba. Tsiku lonselo sanasoke nsapato. Aliyense wodutsa ankamuuza kuti akumva kulemedwa, kuti thanthwe lawakhala pachifu, kuti munthu sangadye boma lathunthu n'kukhala bwinobwino. Atangoyamba kupezako bwino madzulo, nkhuku ya anansi inalowa n'kujompha Muembe yense, ndi midzi ina iwiri ya m'njira. Anaithamangitsa mpaka kumpopi, akuitcha chigawenga.

Nkhani ya moto inabwera ndi mzungu wina wofufuza miyala amene anabweretsa majombo oti asokedwe. Pocheza, mzunguyo ananena kuti kwawo kuli mapiri amene amafuka utsi ndi kulavula moto. Sananene chilichonse chokhudza mapiri athu, koma bambo Nazário anamalizitsa okha. Kuyambira tsiku limenelo mapiri onse a volita anakhala a moto, kungoti anasiya, monga munthu amasiyira fodya chifuwa chikamuvuta. Umboni anali nawo wambiri. Dothi lathu n'lofiira chifukwa linapsa ngati njerwa. Lichinga amazizira chifukwa moto wa pansi unazima ndipo palibe anausonkhezera.

Wowatsutsa wamkulu anali mnansi wawo Che Idrisse, mwini karinya, pikapu yonyamula mbatatesi ndi nyemba kuchokera kumidzi, munthu wofatsa amene anali atadutsa m'misewu imeneyo kuposa aliyense m'bairo. Iye ankati utsi wokha umene anauonapo kumapiriko ndi wa owotcha makala. Mkangano utakula, bambo Nazário anati aonetsa. Anaitana anthu, anaboola mbatatesi yaikulu pamwamba, anaponyamo khala lamoto, anathira timadontho ta petulo wa m'nyali, n'kuuzira. Phiri linafukadi. Kenako linalavuladi. Nkhalango ya masamba a paini inagwira, mphepo ya mwezi wa Ogasiti inathandiza, ndipo Niassa yense anapsa anthu akuonerera, pamodzi ndi mpanda wa udzu wa Che Idrisse ndi kabudula wa ana amene anayanikidwapo.

Moto utazimitsidwa, bambo Nazário anaima pakati pa phulusa, nsidze zitawauka.

"Mwaona tsono, vizinyo, mnansi wanga? Ndipotu imeneyi ndi mbatatesi chabe."

Che Idrisse anamanga mpanda wina, ulendo uno wa njerwa. Chikondi chake sichinathe. Kangapo konse anawauza kuti akwere iwo ndi akazi awo tsiku limene akupita kukatenga katundu cha ku Muembe, akaone phiri lawolo, madzulo abwerere. Bambo Nazário ankamuthokoza ndi ulemu wonse, n'kukana. Kubwerera kumeneko ndiye kunali vuto.

Munthu wopanda galimoto ameneyu anachotsa ntchito oyendetsa galimoto ambiri kuposa kampani iliyonse mu Lichinga. Motorisita aliyense wobweretsa nsapato ankakhala wofunsira ntchito ya volita osadziwa. Bambo Nazário ankasoka nsapato imodzi, inzake n'kuikhalira, kenako n'kumutengera mwini wake pabwalo. Gerson, bambo wamkulu ndithu amene amayendetsa chapa cha ku Cuamba, anazunguliridwa dziko lonse akutsimphina ndi nsapato imodzi, okwera akumudikira kusiteji. Pomaliza anafunsidwa funso limene onse ankafunsidwa.

"Inu a Gerson, mukaona phiri kutsogolo kwanu mumatani?"

"Ndimaika segunda, giya yachiwiri."

"Mwalephera. Nayi nsapato yanu."

Wina analephera chifukwa choliza wailesi, wina chifukwa chothamanga, wina chifukwa anayasamula nkhani ili pa Unango. Mapeto ake oyendetsa galimoto anayamba kupita ndi nsapato zawo kwa osoka a ku Lulimile, ndipo ena ankayenda ndi zong'ambika kusiyana n'kudutsa pakhomo pamenepo.

Koma chimene chinapha volita kwenikweni ndi nyengo. Nthawi ya mvula ankati tinjira ta m'nkhalango ndi matope okhaokha. Mvula ikatha ankati udzu ndi wautali, ubisa mitsinje. Mwezi wa Juni ndi wa Julayi ankati ndi nthawi ya nkhungu, wopusa yekha ndiye angapite. Kukatentha ankati utsi wa lupsa waphimba mapiri, ndipo zinali zoona. Pankatsala kampata kakang'ono cha mu Meyi, thambo likayera, koma nthawi imeneyo magalimoto onse amakhala ali kalikiliki kututa za kumunda, ndipo bambo Nazário ankapeza kuti mlatho wina sanaufunsebe bwino. Akazi awo akawakumbutsa za zengerezu amene analinda kwawukwawu, iwo ankayankha kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chaka chilichonse, cha mu Epulo, mayi Paulina ankachapa chitenje chawo cha pa Khirisimasi, n'kuchipinda. Chaka chilichonse ankachibwezera m'sutikesi cha mu Juni. Phiri lija m'mutu mwawo linkafufuma ngati nsalu yochapidwa kawirikawiri. Poyamba ankakumbukira ngakhale njira ya kumadzi. Pambuyo pake panangotsala mthunzi waukulu umene unkagwera pakhomo pa amayi awo m'mawa, ndi kafungo ka masuku.

Ndiye maso anayamba. Sanayambe ndi ululu. Anayamba m'mbali, ngati munthu akukutsekera chitseko pang'onopang'ono uli m'kati. Ku merikado wogula akaima chakumanzere sankamuona mpaka atayankhula. Ulusi unakana kulowa m'singano. Tsiku lina anapereka moni kwa nthochi ya kuseri kwa tchalitchi, n'kuifunsa za ana. Anapita okha kuchipatala, osauza munthu. Dotolo anawaunika nthawi yaitali, kenako anawafotokozera mofatsa kuti si ng'ala yoti n'kupala. Mitsempha ya kuseri kwa diso inali kuuma, yomwe yauma siidzatsitsimukanso, ndipo mankhwala odontheza angochedwetsa chabe zotsalazo.

Kunyumba anangoti maso akuwavuta pang'ono, awapatsa mankhwala. Bambo Nazário anati n'chifukwa cha utsi wa kukhitchini, n'kupitiriza kusuntha mlatho wawo. Mayi Paulina sanawonjezere. Ankaopa kuti akanena zoona, amuna awo aona kuti lonjezo lija lawola m'manja mwawo, ndipo munthu ameneyu analibe china chilichonse padziko koma lonjezolo. Nyumba ankaidziwa ndi mapazi, mbatatesi ankazidziwa ndi zala, anthu ankawadziwa ndi mawu. Anabisa chaka chathunthu ndi miyezi ina. Pofika nthawi yozizira ya chaka chinacho, chimene chinatsala chinali kusiyanitsa usana ndi mdima, basi.

M'mawa wina akuchokera kumpopi ndi ndowa pamutu, mwana wa anansi anali atasuntha mpando umene ankayambirapo kuwerenga njira ndi mapazi. Anasokera pang'ono, n'kudutsa pakati penipeni pa dziko la amuna awo. Anamva mbatatesi ikugubuduka pansi pa phazi, kenako ina, nyemba zikuthetheka. Anaima, madzi akuwatayikira m'khosi, kudikira mfuu. Bambo Nazário anali pakhonde pomwepo, ankamveka kupuma kwawo. Mfuu sinabwere. Chimene anamva ndi nyundo ikuikidwa pansi, mapazi akutuluka pageti, ndi kugogoda pachitseko cha Che Idrisse.

Pobwera bambo Nazário anangoti, "Chapani chitenje chija. Tikunyamuka Loweruka."

Munali mu Julayi. Mayi Paulina anafuna kuwakumbutsa zimene iwo eni ankanena za mwezi umenewo, koma anaopa kuti mawu amodzi abweza ulendo chaka china, ndipo chaka china analibe.

Anakwera atatu kutsogolo kwa karinya, Che Idrisse pachiwongolero, bambo Nazário pakati, mayi Paulina pawindo monga mwa lonjezo. Asanatuluke n'komwe mu Assumane zinadziwika kuti mkonzi wamkulu wa maulendo sagwirizana ndi galimoto. Anayamba thukuta m'chisanu chimenecho, anapempha kuti aime, anasanza, anakwera, anapemphanso. Pakati pa kusanzako ankalamulabe njira, koma m'chiyankhulo cha pabwalo pawo.

"Tikapitirira mbatatesi yachiwiri mukhotere kumanja."

"Kuno kulibe mbatatesi, vizinyo, kuli msewu."

"Motorisita sayankhula. Khotani."

Mayi Paulina analoza nkhope kunja. Ankaona kuyera kokhakokha, monga ankaonera masiku onse, koma anatsegula maso kwambiri kuti aziwoneka ngati woyang'ana. Tara itatha anamva galimoto ikulowa m'nkhalango, fungo la paini, kuzizira konyowa kukuwagwera pamasaya. Che Idrisse ankayendetsa pang'onopang'ono ngati wanyamula mazira, akuliza buzina, hutala ya galimoto, pafupipafupi, ndipo iwo anaganiza kuti akutsata malamulo a amuna awo. Chimene chinawadabwitsa ndi chete. Ankayembekeza kulalikiridwa mtengo uliwonse ndi mwala uliwonse, koma bambo Nazário ankangonena kuti kumanja, kumanzere, mawu akunka nachepa.

Atakwera chitunda chachitali, bambo Nazário anati aime. Che Idrisse anazimitsa injini, anatenga kamkeka kake, n'kupita patali kukaswali. Awiriwo anatsika. Mwamuna anawagwira pamkono, chinthu chimene sanachitepo pamsewu chikwatirane, n'kuwaimika pamalo ena, nkhope kuloza kumene kunkachokera mphepo.

Mayi Paulina anamva amuna awo akukoka mpweya ngati ofuna kuyamba mawu, n'kuwameza. Anakokanso, anamezanso. Mayiwo anadziwa kuti phiri lili patsogolo pawo, kuti munthuyu wadwala njira yonse kuti awafikitse pano, ndipo tsopano akudikira kumva. Anatong'ola maso m'kuyera kuja mpaka misozi, kupempha Mulungu ngakhale mzere umodzi, ngakhale mthunzi. Panalibe.

"Ndaliona, abambo ake Stélia," anatero. "Ndi lomwe lija. Silinasinthe."

Dzanja limene linawagwira pamkono linalimba mpaka kuwawa. Bambo Nazário anamina, anatsokomola, kenako mawu awo akale aja anabwerera, aja a pabwalo.

"Mwaiona mitu yake itatu? Wapakatiwo ndiye wautali. Taonani pamwamba pake, pali chibowo, mpamene pankatulukira moto. Che Idrisse akabwera musamuuze, achita manyazi."

"Ndachiona."

"Nanga madziwo, akutsika mbali ya kumanja ngati wina wayanika nsalu yoyera?"

"Eya. Tinkatunga kumeneko."

Anawaonetsa zonse. Mitengo ya masuku m'tsinde, thanthwe looneka ngati ng'ombe yogona, anyani atakhala pamwamba pake akuwothera dzuwa, mmodzi wofanana ndi katekisita wa ku parishi. Mayi Paulina anaseka, ulendo uno moona. M'mutu mwawo munali mutu umodzi wa phiri, kapena iwiri, sanalinso otsimikiza, koma anadziuza kuti mwana amaona za mwana. Anamwa mawu onse aja ngati munthu waludzu. Maso anga andikana, ankaganiza, koma ake aliona, ndipo zimene waona wandipatsa.

Che Idrisse atabwera anafunsa njira yotulukira ku Muembe kuti volita itsekeke. Bambo Nazário anati atembenuze galimoto, abwerere mmene anadzera. Che Idrisse anafunsa kawiri, poganiza kuti sanamve. Anabwerera njira yomweyo, mabampu omwewo, ndipo mayi Paulina anati mwina mseru wawagonjetsa.

Kuchokera tsiku limenelo pabwalo panalibenso dziko. Bambo Nazário anatola okha mbatatesi zonse n'kuzibwezera m'thumba, anasesa okha phulusa, ndipo chilichonse chimene munthu akanapunthwa nacho anachichotsa panjira. Wobweretsa nsapato ankalandira zonse ziwiri nthawi imodzi, osafunsidwa kanthu. Anthu ankati achira. Ena ankayesa kuwaputa dala, kunena kuti amva pawailesi kuti mapiri athu sanafukepo, iwo n'kungoti mwina ndi zoona. Mayi Paulina anaulula za maso awo patapita miyezi ingapo, ngati chinthu chimene changoyamba kumene, ndipo amuna awo anachita ngati adabwa. Mvula yoyamba itagwa chifuwa chinawagwira bambo Nazário. Sanalimbane nacho. Munthu amene ankakangana ndi nkhuku anagona masiku ochepa n'kupita osatsutsa ngakhale jekeseni.

Pamaliro panadzaza. Oyendetsa galimoto onse amene anachotsedwa ntchito anabwera, ndi magalimoto awo, moti akanatha kunyamula bairo lonse kuzungulira Niassa kawiri. Pochokera kumanda, masana, amuna anakhala pansi pa tenti panja n'kuyamba kukumbutsana. Wina ananena za Unango amene anamweredwa tiyi, Gerson ananena za nsapato yake. Mayi Paulina anali m'nyumba ndi Stélia ndi amayi ena, atatsamira khoma la pawindo, ndipo makutu awo tsopano anali akuthwa. Anamva Che Idrisse akupempha kuti naye anenepo imene anaisunga mwini wake ali moyo, poopa kumuchititsa manyazi.

Anati munthu anakonza ulendo moyo wake wonse, kukana mwezi uwu, kukana mwezi uwo, mapeto ake n'kusankha tsiku la nkhungu imene iye chiyambire kuyendetsa sanaionepo. Kuchokera pa Assumane mpaka kumene anakafika sankaona ngakhale mphuno ya karinya yake, ankayendera buzina ndi dzina la Mulungu. Ndipo pochokera koswali anapeza mkuluyo ataimika chala m'mwamba, akulalikira kwa nkhungu, akuionetsa anyani.

Tenti inagwedezeka ndi phwete. Ena anapukuta misozi.

Mayi Paulina anauza Stélia kuti akawaitanire Che Idrisse. Anabwera, anavula nsapato, anagwada pakhomo.

"Che Idrisse, mwati kunali nkhungu?"

"Inalipo, alamu. Mwaiwala? Inu nomwe munaima..." Anayang'ana maso aja, ndipo amene analipo akuti nkhope yake inagwa ngati khoma la zidina pamvula.

"Ndiye kuti Lipalwe silinaoneke."

"Silinaoneke."

"Ngakhale tsinde lake."

Che Idrisse ndi munthu wosadziwa kunama. Anapotokola kofia wake m'manja. "Kunena zoona, alamu, sindikudziwa ngati pamene tinaima paja ndi pamalo pake. Ine ndinaima pamene iwo anati ima."

Mayi Paulina anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Panja amuna anali akusekabe, wina atayamba ya mpanda wa udzu.

"Nawonso sanalione," anatero mayi Paulina, osauza aliyense.

Chimene chimawapweteka masiku ano si bodza ayi. Bodza analiyamba ndi iwo, amuna awo anangolilandira ndi manja awiri. Chowawa n'chakuti akatseka maso opanda ntchitowo kuti afunefune phiri la ubwana wawo, limabwera ndi la mitu itatu, la chibowo pamwamba, la nyani wofanana ndi katekisita. Kamthunzi kaja kamene anakasunga kumsasa, kamene anabwera nako kuchokera ku Malawi, kanaphimbika. Amayesa kukankha mitu iwiri kuti utsale umodzi, koma imabwereranso. Sakudziwanso kuti lenileni linali lotani, ndipo amene akanamufunsa palibe.

Msewu wathu uli zii. Pabwalo paja ndi poyera, posesedwa bwino, ngati pa nyumba iliyonse. Palibe amene amakuimitsa ukuthamangira kuchigayo kuti akufunse ngati unaganizapo chifukwa chimene Lichinga amazizirira. Timapita kumpopi, timabwerako, nkhani zathu ndi za mtengo wa makala ndi za ana odwala. Kukayera mu Meyi mapiri amaoneka ndithu chakumpoto, abuluu, koma munthu amatha mwezi wonsewo osadzutsa mutu.

Magalimoto tsopano amaima mopanda mantha pafupi ndi geti lija, poti pali mthunzi wabwino. Mayi Paulina amakhala pakhonde pamene pankakhala nsapato. Akamva injini ikuzima amafunsa kuti yachokera kuti, ndipo ikakhala ya cha ku Muembe amaitana woyendetsa mwaulemu, n'kumufunsa ngati amalidziwa phiri la Lipalwe, ndi kuti limaoneka bwanji. Wina anawauza kuti phiri ndi phiri. Wina anati mwina ndi lija anaikapo chitsulo cha matelefoni. Wina anati ngati ndi limene akuliganizira, mitengo inatha kalekale ndi makala, latsala mbee. Wa dzulo anati wayenda msewu umenewo kuyambira ali mnyamata koma dzina limenelo sanalimvepo.

Anamuthokoza monga amathokozera onse, n'kutembenuzira khutu kumsewu, kudikira galimoto ina.